Musanatume Mwana ku Okala Kukagula Brufen

Pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi kachitini kapena kajumbo ka mankhwala. Mwina kali pamwamba pa kabati, mwina kanapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko. Mukakakhuthula mupezamo Panado wotsala, timibulu tapinki ta Brufen, makapisozi a Indocid amene agogo amati ndi okhawo amene nyamakazi yawo imamva, ndi timapepala ta kuchipatala tomwe zilembo zake zinafufutika kalekale. Munthu akaweruka kudimba msana ukuphwanya, amapisa dzanja m'menemo, kumeza iwiri, n'kugona. Kukacha wadzuka bwino, wanyamulanso khasu. Mankhwalawa amagwiradi ntchito, ndipo cholinga changa si kukuopsezani kuti mukawataye m'chimbudzi. Ndikufuna mudziwe zimene amachita akalowa m'thupi, chifukwa mukazidziwa mudzatha kuona nokha kuti pakhomo panu woyenera kumwa ndani, woyenera kuwatalikira ndani.

Malume anga anali mmisiri womanga nyumba, ndipo bondo linkawasautsa. M'mawa ankameza Indocid asanaike kanthu kukamwa, madzulo n'kuwonjezera diclofenac amene mnzawo wa kuntchito anawagawira. Anatero miyezi ingapo. Chimbudzi chawo chitayamba kuda ngati phula sanauze munthu, poti nkhani za kuchimbudzi akulu sakamba ndi ana. Tsiku lina anachita chizungulire ali pantchito, n'kugwa. Kuchipatala anapeza chilonda m'chifu chimene chinkawukha magazi mwakachetechete, ndipo anawawonjezera magazi. Anachira. Chimene chimandiwawabe n'chakuti m'banja lonse panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa kuti mankhwala awiriwo ndi pachibale, ndipo kumwa onse kunali kumwa mankhwala amodzi kawiri.

Galu wouwa ndi yemweyo wolondera

Mukabinya phazi, dzino likabooka, kapena tizilombo tikalowa m'thupi, maselo a pamalopo amayamba kupanga mankhwala achilengedwe otchedwa prostaglandin. Amawapanga kuchokera ku mafuta a m'khungu la selo lenilenilo, ndipo mmisiri wake ndi enzyme yotchedwa cyclooxygenase, mwachidule COX. Prostaglandin amatanula mitsempha ya magazi, n'chifukwa chake malo ovulala amatupa ndi kutentha. Amachititsa minyewa yomva ululu kukhala tcheru, moti kungokhudza pang'ono munthu amalumpha. Akafika ku ubongo amakweza kutentha kwa thupi lonse.

Aspirin, ibuprofen amene ndiye Brufen, diclofenac amene ena amamudziwa ngati Voltaren, indomethacin amene ndiye Indocid, naproxen, piroxicam, meloxicam ndi mefenamic acid, onsewa amagwira ntchito imodzi: amamanga manja a COX kuti prostaglandin asapangike. Achipatala amatcha gulu lonseli ma NSAID. Anthu anamwa aspirin zaka zoposa 70 asakudziwa zimenezi. Felix Hoffmann wa kampani ya Bayer ku Germany anamupanga mu 1897, koma ndi mu 1971 pamene John Vane wa ku London anasonyeza kuti mphamvu yake yagona pa kutsekereza prostaglandin. Ntchito imeneyi inapezetsa Vane mphotho ya Nobel mu 1982, pamodzi ndi Sune Bergström ndi Bengt Samuelsson a ku Sweden.

Tsono vuto nali. Galu amene amakusokosani usiku ndi yemweyo amene amalondera khola. Mukamumanga pakamwa mugona tulo tabwino, koma fisi alowa osamveka. Prostaglandin amene amakupwetekani pabondo ali ndi abale ake m'chifu, amene amachititsa kuti chifu chizidzipaka madzi oterera otchinjiriza asidi. Ena ali mu impso, amasunga mitsempha yotseguka kuti magazi azidutsa ngakhale thupi litachepa madzi. Ena ali m'magazi, amathandiza kuti magazi a pabala aundane. Ena ali m'chiberekero ndi mwa mwana wosabadwa. Mbulu imene mwameza sidziwa kuti inu mumangofuna bondo lokha. Imayenda ndi magazi n'kutonthoza agalu onse.

Panado, amene dzina lake lenileni ndi paracetamol, sali m'gulu limeneli. Amachepetsa ululu ndi kutentha thupi koma sachotsa kutupa kwenikweni, ndipo sakanda chifu. Choncho pa mutu, chimfine, kuphwanya kwa thupi kapena kutentha thupi, yambani ndi iyeyu. Munthu wamkulu amwe mbulu imodzi kapena iwiri ya mamiligalamu 500, pakadutse maola 4 mpaka 6 asanamwenso, ndipo asapyole mibulu 8 pa tsiku. Wochepa thupi wosafika makilogalamu 50, womwa mowa kwambiri ndi wodwala chiwindi achepetse. Panado naye ali ndi ukali wake: wochuluka amawononga chiwindi, ndipo munthu amatha kuoneka bwinobwino tsiku loyamba pamene chiwindi chayamba kale kufa. Aliyense amene wamwa wopyola muyezo athamangire naye kuchipatala osadikira zizindikiro.

Kamwedwe kake

Pamene pali kutupa, monga dzino lotupitsa tsaya, phazi lobinya, mfundo yotentha kapena cham'mimba cha pa nthawi ya kumwezi, m'pamene Brufen amaposa Panado. Munthu wamkulu wathanzi amwe mamiligalamu 200 kapena 400, pakadutse maola 6 mpaka 8. Popanda uphungu wa dokotala asapyole mamiligalamu 1,200 pa tsiku, kutanthauza mibulu itatu ya 400. Yang'anani nambala papaketi, chifukwa mibulu ya 200 ndi ya 400 imatha kufanana maonekedwe. Diclofenac malire ake ndi mamiligalamu 150 pa tsiku, koma iyeyu ndi Indocid ndi ankhanza kuposa Brufen, ndipo maganizo anga ndi akuti asamagulidwe mwachisawawa ngati machesi.

Lamulo limene malume anga sanalidziwe n'lakuti musaphatikize awiri a m'gulu limeneli. Brufen ndi diclofenac, kapena Indocid ndi aspirin, sachotsa ululu kawiri. Amangowonjezera ngozi. Ngati Brufen yekha sakukwanira, mnzake woyenda naye ndi Panado, chifukwa amagwira mosiyana. Chenjeraninso ndi mankhwala osakaniza a mutu ndi chimfine. Achibale athu a ku Joni amakonda kutitumizira ufa wa Grand-Pa, ndipo m'kapepala kalikonse muli aspirin, paracetamol ndi caffeine. Munthu amene wanyambita Grand-Pa, n'kumwanso Panado iwiri ndi Brufen, wabwereza mankhwala onse awiri osadziwa. Tembenuzani paketi muwerenge timalemba ting'onoting'ono, kapena mwana wa sukulu akuwerengereni.

Mankhwala a m'gulu limeneli imwani mutadya, ndipo mumwere kapu yodzaza ya madzi. Koma pano ndinene mosabisa, chifukwa ambiri amapusitsika: nsima imachepetsa kutentha kwa pamtima ndi nseru, koma siletsa chilonda. Chilonda chimabwera chifukwa mankhwala atalowa kale m'magazi amachotsa chitetezo cha chifu. Pa chifukwa chomwechi, jakisoni wa diclofenac amene anthu amamupempha pomati ndiye wamphamvu, amavulaza chifu ndi impso chimodzimodzi ndi mbulu, ndipo akabayidwa molakwika amasiya chotupa cha mafinya pathako kapena kuvulaza mtsempha wa mwendo. Chimene chili chofatsa ndi mankhwala opaka. Diclofenac kapena ibuprofen wopaka pabondo kapena pachigongono amalowa m'magazi pang'ono chabe, ndipo kwa agogo a nyamakazi ya m'mawondo ndiye woyamba kuyesa. Musapake pabala lotseguka.

Masiku akhale ochepa. Dzino likuwawa chifukwa labooka, ndipo Brufen salitseka. Amangokupatsani mpata wofikira kwa dokotala wa mano. Ululu ukapyola sabata, kapena ukamabwerera mukangosiya mankhwala, pakufunika kupimidwa. Mutu uli ndi msampha wakewake: munthu womwa mankhwala a ululu masiku 15 kapena kuposa pa mwezi amatha kuyamba kudwala mutu wobwera chifukwa cha mankhwala omwewo, ndipo akamawonjezera ndiye kuti akuthira nkhuni pamoto. Kunena za kutentha thupi, kuno kwathu musayese n'komwe kukubisa ndi mapiritsi. Kayezetseni malungo tsiku lomwelo. Brufen ndi Panado amatsitsa kutentha koma sapha kachilombo ka malungo ndi kamodzi komwe, ndipo mwana amene thupi lazizira ndi Panado akhoza kukomoka usiku womwewo ngati sanalandire mankhwala a malungo a LA.

Kwa atsikana ndi amayi amene cham'mimba chimawagoneka mwezi ndi mwezi, nayi nkhani yabwino. Ululu umenewo umachokera kwa prostaglandin amene amafinya chiberekero, choncho ibuprofen, naproxen kapena mefenamic acid amafika pagwero penipeni, ndipo amachepetsako ndi magazi otayika. Yambani kumwa mukangomva kuti kwayamba, osadikira kuti ululu ufike pogubuduza, ndipo masiku awiri kapena atatu amakwana. Mtsikana asajombe kusukulu pamene thandizo lake ndi lapafupi chotere. Koma ngati pali chikayiko choti mwina ndi pathupi, asamwe.

Chifu

Amene anadwalapo zilonda za m'mimba kapena kusanzapo magazi asamwe mankhwala a m'gulu limeneli pokhapokha dokotala atalamula, ndipo nthawi zambiri amalemba pamodzi ndi omeprazole woteteza chifu. Ngozi imakula kwa anthu opyola zaka 65, kwa omwa prednisolone, kwa omwa warfarin kapena mankhwala ena osungunula magazi, ndi kwa omwa mowa. Bambo amene wadzuka ndi matsire a kachasu n'kumeza aspirin kapena Brufen m'mimba muli mbee akuthira tsabola pachilonda. Choopsa china n'chakuti chilonda chobwera ndi mankhwalawa sichipweteka nthawi zonse, makamaka kwa okalamba, poti mankhwala omwewo akubisa ululu wake. Chizindikiro choyamba chimatha kukhala chimbudzi chakuda, kufooka, kapena kuyera kwa zikhatho ndi m'maso.

Impso

Apa ndichedwapo, chifukwa m'pamene anthu ambiri sadziwa, ndiponso m'pamene moyo wathu wa kuno umatiika pangozi. Munthu wathanzi amene wamwa madzi okwanira, impso zake sizidalira kwambiri prostaglandin. Koma thupi likachepa madzi, mitsempha imafinyika pofuna kusunga magazi a ku mtima ndi ku ubongo, ndipo prostaglandin ndiye amatsala akugwira chitseko cha impso kuti chisatsekeke. Mukamuchotsa pa nthawi imeneyo, impso zimasowa magazi, ndipo m'masiku ochepa zikhoza kuleka kusefa.

Ganizirani tsono za nthawi zimene timafuna mankhwalawa. Munthu walima tsiku lonse padzuwa la mu Okutobala, thukuta kamukamu, madzi wamwa pang'ono. Wakabaza wapalasa kuyambira m'mamawa. Mwana akutsegula m'mimba ndi kusanza, thupi lili moto. Mayi ali ndi malungo, sakudya, sakumwa. Onsewa thupi likuwaphwanya, ndipo onsewa ndi amene Brufen, diclofenac ndi Indocid angawavulaze. Wotsegula m'mimba, wosanza, kaya woganiziridwa kolera, mupatseni Thanzi ORS ndi madzi, ululu muchepetse ndi Panado. Wochokera kumunda ayambe wamwa madzi mpaka mkodzo utayera.

Palinso mankhwala a matenda a mgonagona amene sagwirizana ndi gulu limeneli. Odwala BP ambiri amalandira enalapril kapena captopril, pamodzi ndi mankhwala okodzetsa monga hydrochlorothiazide kapena furosemide. Mukawonjezerapo Brufen pa awiriwa, impso zimapanikizika mbali zitatu nthawi imodzi, ndipo madokotala amaziopa kwambiri zimenezi. Kuwonjezera apo, mankhwalawa amasunga mchere ndi madzi m'thupi, motero BP imakwera, mapazi amatupa, ndipo wodwala mtima amayamba kubanika. Mayi amatha kudabwa kuti BP yawo yakana kutsika chikhalirecho sadumphitsa mankhwala, osadziwa kuti wolakwa ndi Indocid wa msana uja. Odwala shuga impso zawo zimakhala zofooka kale. Ndipo ambiri mwa abale athu amene ali pa ma ARV amamwa mbulu imene muli tenofovir, mankhwala abwino koma ofuna impso zosamalidwa. Kumwa diclofenac kapena Brufen masiku ambiri pamwamba pa tenofovir kumawonjezera ngozi. Ma ARV musasiye ayi. Chosiya ndi mankhwala a ululuwo, ndipo mukapita kukatenga mankhwala auzeni achipatala zonse zimene mukumwa, ngakhale zogula pa okala. Omwa methotrexate kapena lithium asakhudze n'komwe popanda dokotala, chifukwa mankhwala amenewo amaunjikana m'magazi impso zikachedwa kusefa.

Impso zikafa, chotsala ndi makina osefa magazi, ndipo m'zipatala za boma makina oterewa amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Kwa munthu wa kumudzi umenewo ndi ulendo wosintha moyo wa banja lonse.

Za mtima ndingonena mwachidule. Akatswiri atapeza kuti COX ilipo mitundu iwiri, anapanga mankhwala omanga COX-2 yokha, imene imatsogolera kutupa, n'kusiya COX-1 yoteteza chifu. Chifu chinapumadi, koma mmodzi mwa mankhwalawo, rofecoxib wotchedwa Vioxx, anachotsedwa pamsika mu 2004 ataoneka kuti akuwonjezera matenda a mtima ndi sitiroko. Mbale wake celecoxib akadalipo, ndipo impso sazimvera chisoni. Diclofenac naye amayandikira khalidwe la rofecoxib, moti mu 2013 bungwe loyang'anira mankhwala ku Ulaya linalangiza kuti amene anadwalapo mtima kapena sitiroko asamapatsidwe.

Amayi oyembekezera

Mayi woyembekezera akamva mutu kapena msana, mankhwala ake ndi Panado. Brufen, diclofenac ndi Indocid awaleke. Kuyambira pa masabata 20, mankhwalawa amachepetsa mkodzo wa mwana, ndipo poti madzi amene mwana amasambiramo ambiri ndi mkodzo wakewo, madziwo amaphwera. Bungwe la FDA la ku America linachenjeza za zimenezi mu 2020. M'miyezi itatu yomaliza ngozi ndi yaikulu koposa. Mwana ali m'mimba sapuma ndi mapapo, choncho ali ndi kamtsempha kolambalalitsa magazi, ndipo prostaglandin ndiye amakasunga kotseguka kufikira atabadwa. Mankhwalawa akhoza kukatseka nthawi isanakwane. Amachedwetsanso matenda a uchembere ndi kuwonjezera kutaya magazi pochira. Mutu waukulu pa nthawi ya pakati, makamaka ngati maso akuchita chidima kapena nkhope yatupa, si wa mapiritsi. Ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo.

Pali kusiyana kumodzi. Kusikelo, mayi amene ali pangozi ya BP ya uchembere akhoza kulemberedwa aspirin wochepa, wa mamiligalamu 75 mpaka 150 pa tsiku, kuyambira cha pa masabata 12. Ameneyo ndi wothandiza, amwe monga auzidwira. Woyamwitsa akhoza kumwa Panado kapena ibuprofen, chifukwa wopita mumkaka ndi wochepa kwambiri.

Prostaglandin amapangidwanso m'mafakitale ngati mankhwala. Wodziwika kwambiri ndi misoprostol. Poyamba anapangidwira kuteteza chifu cha anthu omwa ma NSAID, koma amafinyanso chiberekero mwamphamvu. M'manja mwa azamba wapulumutsa amayi ambiri otaya magazi atachira, makamaka kumene kulibe firiji yosungira jakisoni wa oxytocin, ndipo amathandizanso kuyambitsa matenda a uchembere pamene dokotala waona kuti mwana ayenera kubadwa. Kunja kwa chipatala ndi woopsa kwa woyembekezera: akhoza kupititsa padera, kutayitsa magazi ambiri, kung'amba chiberekero makamaka mwa amene anachitidwapo opaleshoni, kapena kulumaza mwana. Dziwani kuti mapiritsi ena a nyamakazi, monga Arthrotec, ndi diclofenac wosakaniza ndi misoprostol. Mayi woyembekezera asalandire mankhwala a msana kwa apongozi kapena aneba, ngakhale apatsidwe ndi mtima wabwino chotani.

Ana

Mwana wosafika zaka 16 asapatsidwe aspirin, kaya Grand-Pa, pokhapokha dokotala atalamula. Akamwa ali ndi chimfine chachikulu kapena katsabola akhoza kudwala nthenda ya Reye, imene imatupitsa ubongo ndi kuwononga chiwindi. Sichitika kawirikawiri, koma imapha. Pa katsabola pewaninso ibuprofen, chifukwa akhoza kuchititsa kuti zilonda za pakhungu zilowe tizilombo n'kukula.

Muyezo wa mwana umatsata kulemera kwake, osati zaka, ndipo kulemerako kuli m'buku la kusikelo. Panado ndi mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse, osapyola kanayi pa tsiku. Ibuprofen ndi mamiligalamu 5 mpaka 10 pa kilogalamu, pakadutse maola 6 mpaka 8. Tinene mwana wa makilogalamu 10: ibuprofen wake ndi mamiligalamu 50 mpaka 100, ndipo ngati botolo lalembedwa kuti 100 mg pa 5 ml, ndiye kuti amwa 2.5 ml mpaka 5 ml. Yezani ndi kasupuni kapena kasirinji kobwera ndi botolo, poti masupuni a tiyi amasiyana kukula. Khanda losafika miyezi 3 kapena makilogalamu 5 lisapatsidwe ibuprofen, ndipo khanda lotere likatentha thupi palibe choyesera kunyumba, nyamukani.

Mphumu ndi mbale wake wa prostaglandin

Mafuta aja amene COX imawasandutsa prostaglandin ali ndi njira yachiwiri. Enzyme ina imawasandutsa leukotriene, amene amafinya timipaipi ta mpweya m'mapapo, kutitupitsa ndi kutidzaza makhololo. Mukatseka ngalande imodzi, madzi amasefukira ku inzake. N'chifukwa chake anthu ena odwala mphumu, makamaka amene mphuno zawo zimakhala zotsekeka ndi tinyama tomera mkati, akamwa aspirin kapena Brufen amabanika pasanathe maola atatu. Si onse a mphumu ayi. Koma amene zinamuchitikirapo kamodzi, kapena anatupapo milomo ndi nkhope atamwa mmodzi wa mankhwalawa, apewe gulu lonse moyo wake wonse, ndipo zilembedwe pachikuto cha buku lake la kuchipatala.

Montelukast, amene ena amamudziwa ngati Singulair, amatchinga leukotriene kuti asagwire mapapo. Amamwedwa kamodzi pa tsiku, madzulo: mamiligalamu 10 kwa wamkulu, 5 kwa mwana wa zaka 6 mpaka 14, ndi 4 kwa wocheperapo. Ndi woteteza, wofuna kumwa tsiku ndi tsiku. Munthu akabanika kale, montelukast sathandiza. Chofunika ndi kopopera ka salbutamol, kamene ambiri amati Ventolin. Salowanso m'malo mwa kopopera koteteza ka beclometasone ngati dokotala analemba. Makolo akhale maso pa chinthu chimodzi: ana ena, ndi akulu omwe, akayamba montelukast amalota zoopsa, amasowa tulo, amapsa mtima msanga, amakhala okhumudwa, ndipo ena amafika poganiza zodzivulaza. Mu 2020 FDA inalamula kuti chenjezo lamphamvu la zimenezi lilembedwe papaketi. Mwana akasintha khalidwe atayamba mankhwalawa musamukalipire kapena kuganizira anthu. Imitsani mankhwalawo ndipo mukaonane ndi dokotala mwamsanga.

Kunena za mankhwala opangidwa motsanzira prostaglandin, agogo ena amapatsidwa latanoprost, wodontheza m'maso pa nthenda ya glaucoma. Dontho limodzi usiku limakwana. Nsidze zikatalika kapena khungu la m'mbali mwa diso likada, ndi mankhwalawo, koma asasiye, chifukwa kuona kumene glaucoma yalanda sikubwerera.

Aspirin wochepa uja

Aspirin amasiyana ndi anzake pa chinthu chimodzi: akagwira timaselo toundanitsa magazi satitayanso, ndipo mphamvu yake imatha pokhapokha thupi litapanga tatsopano, patatha masiku 7 mpaka 10. N'chifukwa chake kambulu kakang'ono ka mamiligalamu 75 pa tsiku kamateteza amene anadwalapo mtima kapena sitiroko yobwera ndi kutsekeka kwa mtsempha. Amene analemberedwa asasiye pa okha, ndipo auze dokotala asanazulitse dzino kapena kuchitidwa opaleshoni. Ibuprofen amatha kulanda malo a aspirin ameneyu n'kumufooketsa, choncho oterewa ululu wawo athetse ndi Panado. Munthu wathanzi asayambe yekha kumwa aspirin tsiku ndi tsiku pomva kuti amatsuka magazi; akhoza kupeza chilonda m'malo mwa chitetezo.

Munthu wamkulu akamva chifuwa chikuthina ngati wasanjikidwa mwala, ululu ukutsikira kumkono wamanzere kapena kukwera kunsagwada, thukuta lili chuchuchu, atafune aspirin wa mamiligalamu 300 pamene mukufuna galimoto, bola ngati aspirin samuwenga ndipo sakutaya magazi. Koma amene pakamwa papotoka, kapena mkono wafa mwadzidzidzi, musamupatse, chifukwa mwina mtsempha waphulika mu ubongo. Wolumidwa ndi njoka ndi wovulala m'mutu nawonso asapatsidwe aspirin kapena Brufen.

Kachitini kaja

Madzulo ano kakhuthuleni pamphasa. Mibulu imene simukuidziwa dzina, yotha masiku, yosungunuka kapena aspirin wonunkha ngati viniga, ichotseni. Ikani Brufen, diclofenac, Indocid ndi aspirin pamodzi mbali imodzi kuti aliyense aone kuti ndi amodzi, Panado payekha. Ena amagula Indocid kuti asakanize ndi usipa aphere makoswe; nyambo yotereyi mwana wokwawa akhoza kuitola, choncho musaitchere m'nyumba ya ana. Gulani mankhwala ku famase yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, ali m'paketi yolembedwa dzina ndi tsiku lothera, osati othothola m'botolo losadziwika pamsika. Kachitiniko kakhale pouma, posafika dzuwa, pamwamba pomwe mwana sangakwere.

Ndipo ngati wina pakhomo panu akumwa mankhwalawa n'kuyamba kuchita chimbudzi chakuda ngati phula, kusanza magazi kapena zangati matsokwe a khofi, kupweteka kwambiri pamtima pa mimba, kukodza pang'ono, kutupa mapazi kapena nkhope, kubanika, kapena kusupuka khungu ndi zilonda m'kamwa, asamwenso mbulu ina. Tengani buku lake la kuchipatala ndi mapaketi onse a zimene wakhala akumwa, mupite naye usiku womwewo. Musadikire kuti kuche.